Dokotala wokonzanso njira za mkodzo: amaphunzira chiyani, ndipo amachita chiyani m'thupi mwa munthu?

M'zipatala zambiri muli abambo amene amabwera mwezi ndi mwezi kudzasinthitsa chubu cha mkodzo, ena kwa zaka zingapo. Mukawafunsa vuto lawo, ambiri amati ndi prostate (kachiwalo ka abambo kozungulira njira ya mkodzo kunsi kwa chikhodzodzo), chifukwa ndilo dzina limene lafala. Koma pamzere womwewo pamakhalanso anyamata a zaka 25 kapena 30, msinkhu umene prostate siitsekera munthu mkodzo. Kwinanso kuli amayi amene mkodzo umangotuluka wokha usana ndi usiku chiberekereni mwana movutikira. Anthu otere akauzidwa kuti adikire dokotala wodziwa kukonzanso njira za mkodzo, mafunso amakhala omwewo. Ameneyu ndi ndani? Akusiyana bwanji ndi dokotala wina aliyense wa opaleshoni? Nanga n'chifukwa chiyani ndidikire, pamene dokotala amene ali pano amachitanso maopaleshoni tsiku ndi tsiku?

## Urologist ndi ndani, ndipo kukonzanso n'kutani

Urologist ndi dokotala wa opaleshoni amene ntchito yake ili pa ziwalo zonse zimene mkodzo umadutsamo, kwa amuna ndi akazi omwe, komanso pa ziwalo zoberekera za abambo. Asasokonezedwe ndi nephrologist, amene amathandiza impso ndi mankhwala kapena ndi makina osefa magazi, ndipo sachita opaleshoni.

Ziwalozi zili motere. Impso ziwiri zimasefa madzi pafupifupi malita 180 pa tsiku, koma ochuluka amabwereranso m'magazi, ndipo otsala, lita imodzi kapena awiri, ndiwo mkodzo. Kuchokera ku impso iliyonse pamatsika kanjira kopyapyala kotalika masentimita 25 mpaka 30, kamene achipatala amakatcha ureter. M'nkhani ino tikatchula kuti njira ya kumtunda. Njira ziwirizi zimathira mkodzo m'chikhodzodzo, chimene chimasunga mamililita 400 mpaka 500 munthu asanavutike. Kuchokera m'chikhodzodzo mkodzo umatuluka kudzera m'njira imodzi yotchedwa urethra, imene tiitchula kuti njira yotulukira. Kwa amayi njirayi ndi yaifupi, masentimita 4 okha. Kwa abambo imafika masentimita pafupifupi 20, ndipo imadutsa mkati mwa prostate, kunsi kwa mafupa a m'chiuno, pakati pa miyendo, mpaka kunsonga kwa chida cha abambo. Kutalika kumeneku ndiko kumachititsa kuti abambo azivulala kapena kutsekeka njirayi kawirikawiri kuposa amayi.

Ntchito yambiri ya urologist ndi yochotsa: mwala wa mu impso, chotupa, mnofu wa prostate umene wakula. Dokotala wokonzanso amagwira ntchito ina. Iye amalandira njira yotsekeka, yoduka, yobooka kapena imene munthu anabadwa nayo yosakwanira, n'kuimanganso kuti mkodzo uziyenda, uzisungika, ndiponso uzituluka pa nthawi imene mwini wake wafuna. Zipangizo zake zomangira amazitenga m'thupi mwa wodwalayo: m'kamwa, pakhungu, m'matumbo, kapena pa chikhodzodzo chomwecho.

## Ulendo wa maphunziro

Ku Malawi wophunzira amayamba ndi digiri ya udokotala ya zaka 5 ku Kamuzu University of Health Sciences, imene mbali yake ya udokotala inali College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991. Akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18 m'chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kenako Medical Council of Malawi imamulembetsa ngati dokotala wodziimira yekha. Apa n'kuti asanakhale katswiri wa opaleshoni iliyonse.

Njira imodzi yodziwika ya ukatswiri m'chigawo chino cha Africa ndi ya COSECSA, bungwe la madokotala a opaleshoni a kum'mawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Wophunzira amakhala m'chipatala chovomerezeka, amachita zaka 2 za opaleshoni ya maziko n'kulemba mayeso, kenako zaka 3 za nthambi imene wasankha, monga urology. Opaleshoni iliyonse imene waonerera, wathandizira kapena wachita yekha imalembedwa, ndipo oyesa amaiona. Chipatala cha KCMC ku Moshi, ku Tanzania komweko, chaphunzitsa ma urologist a maiko ambiri a kuno kwa zaka zambiri. Ena amakaphunzira ku South Africa, kumene mayeso omaliza amapereka ndi Colleges of Medicine of South Africa. Ku Britain dokotala akatuluka ku yunivesite amachita zaka 2 zoyambirira, zaka 2 za opaleshoni ya maziko, ndi zaka 5 za urology. Ku United States maphunziro a urology amatenga zaka 5 kapena 6 munthu atamaliza sukulu ya udokotala. Kulikonse kumene angadzere, kuchokera tsiku lolowa ku yunivesite mpaka tsiku lotchedwa urologist pamadutsa zaka zoposa 11.

Ukatswiri wokonzanso umabwera pamwamba pa zonsezi. Nthawi zambiri ndi chaka chimodzi kapena ziwiri zogwira ntchito pambali pa dokotala amene amachita maopaleshoni amenewa sabata ndi sabata. Chifukwa chake n'chakuti urologist wamba amaona maopaleshoni okonzanso owerengeka m'zaka zake zonse zophunzira, pamene ntchitoyi imafuna diso limene laona zipsera zambirimbiri. Chithunzi cha X-ray chikhoza kuonetsa malo otsekeka a sentimita imodzi ndi theka, koma dokotala akatsegula n'kupeza kuti mnofu wowonongeka wafika masentimita 5. Pamenepo opaleshoni imene anakonzekera siingathekenso, ndipo ayenera kusankha ina wodwala ali chigonere. Dokotala wodziwa njira imodzi yokha amakakamizika kuigwiritsa ntchito ngakhale pamene siikuyenera.

Zimene amaphunzira m'zaka zoonjezerazi zimachokera ku nthambi zingapo. Kwa madokotala okonza khungu amatengako luso losuntha mnofu popanda kuupha. Kwa a opaleshoni ya m'mimba amatengako kudula ndi kulumikiza matumbo. Kwa madokotala a amayi amatengako kugwira ntchito kudzera m'njira yoberekera. Amazolowera kusoka ndi ulusi wopyapyala wosungunuka wokha, atavala magalasi okulitsa. Koma maziko a zonsezi ndi malamulo ochepa amene sasintha: chipsera chichotsedwe kapena chitsegulidwe mpaka kufika pa mnofu wamoyo wotuluka magazi, mbali zolumikizidwa zikumane popanda kukokana, khungu lofewa la mkati likumane ndi linzake, ndipo mkodzo upatutsidwe ndi chubu mpaka bala litapola. Opaleshoni yokonzanso ikalephera, kawirikawiri limodzi la malamulo amenewa linaswedwa, mwina chifukwa mnofu wabwino unali utatha kale.

Mfundo yomalizayi ndiyo imayankha funso la kudikira. Opaleshoni iliyonse imasiya chipsera ndipo imadula timitsempha ta magazi. Mwayi waukulu wochira uli pa opaleshoni yoyamba. Yachiwiri imachitikira pa mnofu wouma, ndipo yachitatu imakhala yovuta kuposa apo.

## Kuphinjika kwa njira yotulukira mkodzo

Ntchito yaikulu ya dokotalayu ili pa vuto limene achipatala amalitcha stricture, ndiko kuphinjika kwa njira yotulukira chifukwa cha chipsera. Njirayi kwa abambo yazunguliridwa ndi mnofu wofewa wodzaza magazi. Khungu la mkati likang'ambika kapena kudyeka ndi matenda, mkodzo umalowa m'mnofuwo, thupi limapoletsa ndi chipsera, ndipo chipseracho chimakhwinyata pang'onopang'ono mpaka njira kuchepa.

Zoyambitsa zodziwika ndi zinayi. Choyamba ndi chinzonono chosachizidwa bwino, chimene chikhoza kutseka njira patapita zaka zambiri munthu ataiwala kuti anadwalapo. Chachiwiri ndi kuvulala pakati pa miyendo, monga kugwera pa chitsulo cha njinga, pa nthambi ya mtengo kapena m'mphepete mwa dzenje. Chachitatu, chimene chimapweteka mtima chifukwa n'chopeweka, ndi chubu cha mkodzo cholowetsedwa mokakamiza. Chubuchi chili ndi kabaluni kunsonga kamene amakafufumitsa ndi madzi okwana mamililita 10 kuti chisatuluke. Kabaluniko kakafufumitsidwa chubu chisanafike m'chikhodzodzo, kamang'amba njira. N'chifukwa chake lamulo ndi lakuti chubu chilowe mpaka kumapeto ndipo mkodzo uoneke, kenako kabaluni kafufumitsidwe. Chachinayi ndi matenda a khungu otchedwa lichen sclerosus, amene amayeretsa ndi kuumitsa nsonga ya chida n'kumalowerera mkati.

Munthu amayamba kuona mkodzo ukutuluka mofooka, mopyapyala kapena mogawikana, amachita kudzikakamiza, amatenga nthawi, ndipo akamaliza amamva kuti watsalira. Matenda a m'chikhodzodzo amabwerabwera. Vuto likakhalitsa, mkodzo umabwerera kumtunda n'kutupitsa impso, kapena umaboola khungu pakati pa miyendo n'kumatulukira m'timabowo tambiri.

Poyeza, wodwala amakodzera m'makina oyeza liwiro la mkodzo. Mwamuna wabwinobwino amaposa mamililita 15 pa sekondi mkodzo ukafika pachimake, ndipo liwiro losafika 10 limasonyeza kuti pali chotchinga. Kenako amathira mankhwala ooneka pa X-ray kuchokera kunsonga n'kujambula, kuti aone pamene pali chipsera ndi kutalika kwake. Nthawi zina amalowetsanso kakamera kopyapyala. Malo ndi kutalika kwa chipsera ndizo zimalamula chithandizo.

Chithandizo chosavuta ndi chotanula njira ndi zitsulo zokulirakulira, kapena kucheka chipsera cha mkati ndi kampeni kolowera pa kamera. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa ndipo munthu amayambanso kukodza bwino msanga. Vuto lake n'lakuti chipsera chimabwerera. Kafukufuku amene anachitika ku Tygerberg Hospital ku Cape Town, n'kusindikizidwa mu 1997, anatsatira amuna 210 ndipo anapeza kuti kutanula ndi kucheka zimapereka zotsatira zofanana. Patatha miyezi 12, vuto linali litabwerera mwa anthu pafupifupi 40 mwa 100 amene chipsera chawo sichinafike masentimita 2, ndi pafupifupi 80 mwa 100 amene chipsera chawo chinaposa masentimita 4. Madokotala omwewo anaonetsanso kuti pofika kachitatu, kubwereza sikubweretsa machiritso okhalitsa. Choipa china n'chakuti kucheka kulikonse kumatalikitsa chipsera. Izi sizikutanthauza kuti njira zosavutazi n'zachabe. Kwa chipsera chachifupi choyamba, kapena kwa agogo amene thupi lawo silingapirire opaleshoni yaitali, ndi chithandizo choyenera. Koma mnyamata amene watanulidwa kanayi ayenera kuuzidwa kuti pali njira ina.

Njira inayo ndi opaleshoni yotsegula yotchedwa urethroplasty. Isanachitike, njira imasiyidwa osaikhudza kwa masabata angapo, nthawi zina mpaka miyezi 3, mkodzo ukutulukira pa chubu cholowetsedwa pachinena molunjika m'chikhodzodzo. Cholinga n'chakuti chipsera chionetse kutalika kwake kwenikweni. Wodwala amagonekedwa chagada miyendo itakwezedwa, ndipo dokotala amacheka pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi. Opaleshoni imatenga maola 2 kapena 3. Ikapitirira maola 5 miyendo ili m'mwamba, mitsempha ndi minofu ya m'miyendo ikhoza kuvulala, ndipo ichi n'chifukwa chinanso chimene liwiro la dokotala wozolowera lilili lofunika.

Chipsera chikakhala chachifupi, chosaposa masentimita 2, ndipo chili mbali ya pakati pa miyendo, dokotala amachidula chonse n'kulumikiza mbali ziwiri zamoyo. Asanasoke amang'amba pang'ono kumapeto kwa mbali iliyonse, ina cha kumwamba ina cha kunsi, kuti polumikizira pakhale potakasuka. Opaleshoni iyi imayenda bwino mwa anthu pafupifupi 9 mwa 10. Siingachitike pa chipsera chachitali, chifukwa kudula kwambiri kumafupikitsa njira, ndipo chida chimapindika chikadzuka.

Chipsera chikakhala chachitali, dokotala amachita zimene telala amachita malaya akathina: sadula kansalu kothinako, koma amang'amba motsata utali n'kusokererapo chigamba kuti pakule. Chigamba chabwino koposa chimachokera mkati mwa tsaya. Khungu la m'kamwa linazolowera kunyowa, lilibe tsitsi, ndi lolimba pamwamba, ndipo kunsi kwake kuli timitsempha tambiri timene timagwirana msanga ndi malo atsopano. Tsaya limodzi limapereka chigamba cha masentimita pafupifupi 2 ndi theka m'lifupi ndi 6 m'litali. Pochotsa, dokotala amapewa kabowo kotulutsa malovu kamene kali moyang'anizana ndi dzino lalikulu lachiwiri la kumtunda. Kale ankagwiritsa ntchito khungu la pa machende, koma tsitsi linkamera mkati mwa njira, miyala n'kumaundana pa tsitsilo.

Chigambachi chimafika chilibe magazi ake. Masiku awiri oyamba chimakhala ndi moyo poyamwa madzi a m'mnofu umene chagonapo, ndipo masiku awiri otsatira timitsempha take timalumikizana ndi ta pamalopo. Chikasuntha, kapena magazi akaundana kunsi kwake, chimafa. N'chifukwa chake funso la pamene chigamba chigone lakambidwa kwambiri. Guido Barbagli wa ku Italy anafalitsa mu 1996 njira yochiika kumtunda kwa njira, pamene chimasokeredwa pa mnofu wolimba wa chida. Ena amachiika kunsi n'kuchiphimba ndi mnofu wofewa wa njira yomweyo. Sanjay Kulkarni wa ku Pune, ku India, anaonetsa njira yomasula mbali imodzi yokha kuti mitsempha ya mbali inayo isadulidwe. Zotsatira za njirazi sizisiyana kwambiri, ndipo pafupifupi 8 kapena 9 mwa odwala 10 amachira.

Chubu chimakhala masabata 2 kapena 3. Asanachichotse, madokotala ambiri amajambula X-ray kuti aone ngati posokapo sipakudontha. M'kamwa mumapweteka masiku ochepa, ndipo munthu amayamba ndi phala ndi zakumwa. Fodya, wosuta ngakhale woika m'kamwa, amawononga chigamba ndipo ayenera kusiyidwa opaleshoni isanafike.

Njira ikawonongeka kwambiri, ntchito imagawidwa pawiri: koyamba njira imatsegulidwa ndipo chigamba chimayalidwa poyera, kenako patatha miyezi 6 kapena kuposa chimapindidwa kukhala njira. Palinso chisankho chimene anthu ambiri sachidziwa, chotsegula bowo lokhalitsa pakati pa miyendo kuti munthu azikodza chokhala. Amasungabe mkodzo bwinobwino ndipo safunanso chubu. Kwa abambo achikulire amene atopa ndi maopaleshoni, ichi ndi chithandizo chaulemu, ndipo dokotala wabwino amachitchula pamodzi ndi zinazo.

## Pamene ngozi yathyola mafupa a m'chiuno

Ngozi za pamsewu, makamaka za njinga zamoto ndi za anthu ogundidwa akuyenda pansi, zimatha kuthyola mafupa a m'chiuno n'kudula njira yotulukira kunsi kwa prostate. Zizindikiro ndi magazi kunsonga kwa chida, kulephera kukodza, ndi kutupa kapena kuda pakati pa miyendo. Apa chubu sichiyenera kukakamizidwa. Chithandizo cha tsiku loyamba ndi chubu cha pachinena, ndipo kukonza kumadikira pafupifupi miyezi 3, kuti magazi oundana asungunuke ndi mafupa agwire.

Pa opaleshoni dokotala amapeza mbali ziwiri zotalikirana, pakati pake pali chipsera cholimba. Chigamba sichithandiza pano chifukwa palibe poti chigone. Mbalizo ziyenera kukumana zokha. George Webster anafotokoza masitepe amene amatsatidwa limodzi pambuyo pa linzake, mpaka mbalizo zitafikana popanda kukokana: kumasula njira kuti itanuke, kulekanitsa minofu iwiri ya chida pamene imayambira, kusema fupa la pachinena cha kunsi, ndipo zikavutitsitsa, kudutsitsa njira kuseri kwa mnofu umodzi kuti mtunda ufupike. Wodwala ayenera kuuzidwa zoona opaleshoni isanachitike: kufooka kwa mphamvu za abambo kumene ambiri amakhala nako kumachokera ku ngozi yomweyo, imene inavulaza mitsempha, ndipo kulumikiza njira sikubweza mphamvuzo.

## Amayi: fistula ndi kuvulala kwa njira ya kumtunda

Mayi akakhala pa matenda a uchembere nthawi yaitali mwana osatuluka, mutu wa mwana umapanikiza chikhodzodzo ndi njira yoberekera pa fupa. Magazi amasiya kufika, mnofu umafa, ndipo patatha masiku angapo umayoyoka n'kusiya bowo. Bowo limeneli ndilo fistula. Ku Malawi amayi ambiri otere amathandizidwa ku Bwaila ku Lilongwe, pa malo amene amayendetsedwa mothandizana ndi Freedom from Fistula Foundation. Chipatala chodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi cha ku Addis Ababa, chimene Reginald ndi Catherine Hamlin anakhazikitsa mu 1974. Maopaleshoni ambiri a fistula amachitidwa ndi madokotala a amayi ndi ma clinical officer ophunzitsidwa mwapadera, ndipo urologist amafunika kwambiri pamene njira yotulukira yawonongeka, pamene njira za kumtunda zakhudzidwa, kapena pamene chikhodzodzo chatsala chochepa.

Bowo likadziwika msanga, chubu chosiyidwa masabata 4 mpaka 6 chimatha kutseka mabowo aang'ono popanda mpeni. Pa nthawi yochitira opaleshoni madokotala amasiyana maganizo. Ena amadikira miyezi 3 kuti mnofu upole, ena amasoka msanga bala likangoyera. Poyeza amathira madzi a buluu m'chikhodzodzo n'kuona pamene akutulukira. Pokonza amalekanitsa chikhodzodzo ndi njira yoberekera mokwanira kuti m'mphepete mwa bowo mukumane mosakoka, amateteza polowera njira za kumtunda, amasoka, n'kuyesanso ndi madzi a buluu aja. Bungwe la WHO linalangiza mu 2018 kuti pa fistula yosavuta chubu chikhale masiku 7 mpaka 10. Mayi amapewa kugonana kwa miyezi 3, ndipo mimba yotsatira iyenera kuthera pa opaleshoni yotulutsa mwana. Amayi ena bowo limatsekeka koma mkodzo n'kumadonthabe, chifukwa mnofu wotseka njira unawonongeka. Awa amafunika opaleshoni ina, ndipo si bwino kuwauza kuti palibenso chochita asanayezedwe.

Vuto lina limafanana ndi fistula koma ndi losiyana. Pa opaleshoni yotulutsa mwana kapena yochotsa chiberekero, njira ya kumtunda ikhoza kumangidwa ndi ulusi kapena kudulidwa, chifukwa imadutsa pafupi kwambiri ndi mtsempha wa chiberekero. Mayi amadontha mkodzo koma amakodzanso bwinobwino, ndipo madzi a buluu satuluka ngakhale kuti pansi panyowa. Pokonza, njirayo imadzalidwanso m'chikhodzodzo. Ikafupika, chikhodzodzo chimakokeredwa kumtunda n'kusokeredwa pa mnofu wa m'chiuno, kapena amachekako kachigawo n'kukapinda kuti kakhale njira. Mkati amasiya kachubu kopyapyala kwa masabata 4 mpaka 6. Kachubuka kakaiwalika miyezi yambiri kamamera miyala ndipo kakhoza kuwononga impso, choncho tsiku lokachotsa lilembedwe poonekera.

## Chikhodzodzo chikachotsedwa

M'madera a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndi m'chigwa cha Shire, likodzo ndi chiyambi cha ntchito yambiri ya dokotalayu. Mazira a tizilombo ta likodzo amakhazikika m'khoma la chikhodzodzo ndi kumapeto kwa njira za kumtunda. Zaka zikamapita amabweretsa zipsera zotseka njira, chikhodzodzo chouma, ndiponso khansa ya chikhodzodzo. Mankhwala a praziquantel amapha tizilombo, koma safufuta chipsera chimene chapangika kale. Chifuwa chachikulu chikalowa m'ziwalo za mkodzo chimachitanso zofanana.

Chikhodzodzo chikachotsedwa, mkodzo umafuna kolowera. Njira yofala, imene Eugene Bricker anafotokoza mu 1950, ndi yodula matumbo aang'ono otalika masentimita pafupifupi 15, kulumikizako njira ziwiri za kumtunda, n'kutulutsira mbali inayo pamimba, pamene pamamatidwa thumba. Ndi yodalirika, koma imafuna matumba moyo wonse, ndipo kumene matumbawo sapezeka khungu limanyeka ndi mkodzo. Njira ina ndi yosoka chikhodzodzo chatsopano kuchokera ku matumbo otalika masentimita 40 mpaka 60, n'kuchilumikiza ku njira yotulukira. Chikhodzodzo chotere sichimuuza munthu kuti chadzaza, choncho amakodza motsata nthawi, usiku womwe. Njira yachitatu, yotchedwa Mainz II, imathira mkodzo m'matumbo aakulu kuti uzituluka pamodzi ndi chimbudzi. Siifuna thumba, n'chifukwa chake imagwiritsidwa ntchito m'maiko amene zipangizo n'zosowa, koma imafuna impso zamphamvu ndi mnofu wa kotulukira chimbudzi wogwira bwino. Matumbo amayamwa zina za mu mkodzo n'kuzibwezera m'magazi, zimene zimachulukitsa asidi m'thupi, choncho odwala otere amafunika kuyezetsa magazi ndipo ena amamwa mankhwala a bicarbonate. Kusankha pakati pa njirazi kumadalira matenda, impso, mtunda wa kuchipatala, ndi zimene munthuyo angakwanitse kunyumba.

Za ana titchulepo chimodzi. Mwana wamwamuna mmodzi mwa 200 kapena 300 amabadwa bowo la mkodzo lili kunsi kwa chida m'malo mwa kunsonga. Mwana wotere asachitidwe mdulidwe asanaonedwe ndi dokotala, chifukwa khungu lakunsongalo ndilo limagwiritsidwa ntchito pokonza, kawirikawiri mwana ali ndi miyezi 6 mpaka 18. Kutalika kumene ntchito yokonzanso yafika kunaoneka mu December 2014 ku Tygerberg, pamene gulu lotsogozedwa ndi André van der Merwe linaika bwinobwino chida chochokera kwa munthu womwalira pa mnyamata amene anataya chake chifukwa cha mdulidwe wolakwika.

## Pambuyo pa opaleshoni

Kuchotsedwa kwa chubu si mapeto a chithandizo. Chipsera chikabwerera, nthawi zambiri chimaonekera m'chaka choyamba kapena chachiwiri, choncho wodwala amayezedwa liwiro la mkodzo patatha miyezi 3, 6 ndi 12. Kudontha timadontho akamaliza kukodza n'kofala mwa amene anaikidwa chigamba, ndipo kumachepa munthu akamasisita pakati pa miyendo cha kutsogolo akamaliza. Mphamvu za abambo zikafooka chifukwa cha opaleshoni, ambiri zimabwerera m'miyezi yochepa. Kukwera njinga kuyenera kudikira mpaka dokotala atalola. Zofunika kubwerera nazo kuchipatala tsiku lomwelo ndi kutentha thupi, mafinya kapena mkodzo wotulukira pa bala, ndi chubu chimene chasiya kutulutsa mkodzo. Chubu chikatseka kapena kutuluka masabata oyamba, wina asayese kulowetsa chatsopano asanalankhule ndi amene anachita opaleshoni, chifukwa nsonga yake ikhoza kuboola posoka paja.

Wodwala ali ndi ufulu wofunsa dokotala kuti chipsera chili pati ndipo n'chachitali bwanji, akufuna kuchita opaleshoni iti, amaichita kangati pa chaka, ndiponso adzachita chiyani akapeza zosiyana ndi za pa chithunzi. Potuluka, m'kabuku ka kuchipatala mulembedwe dzina la opaleshoni, kutalika kwa chipsera, tsaya limene munachotsedwa chigamba, kukula kwa chubu chimene chinalowa, ndi tsiku lochotsa kachubu kalikonse kamene katsala mkati. Zithunzi za X-ray zisungidwe, kapena zijambulidwe pa foni, kuti dokotala wina amene adzaone wodwalayo patsogolo asayambe n'kungoganizira.